Zitsulo Zozizira

1

Jekete loyera limene amuna anga anavala tsiku lomwe apolisi anawatulutsa m'chipinda chawo ndinasoka ndine. Nsalu yake inali yotsala ku makatani a kasitomala wina, mabatani ndinachotsa pa malaya akale, ndipo pathumba ndinapetapo ndi ulusi wabuluu zilembo ziwiri zija mumaziona pa zovala za madokotala. Ntchito yonse inanditengera maola atatu. Anzawo amatha zaka zisanu kapena kuposa ali kusukulu, koma amuna anga anakhala dokotala wa mano Lachiwiri lina masana, ine nditangoluma ulusi womaliza.

Ndine telala. Shopu yanga ili m'kanjira kopanikizana kuseri kwa siteji ya mabasi, pakati pa wosoka nsapato ndi sitolo ya mafoni. Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi, amene bambo ake anamutcha Dona chifukwa ali wamng'ono ankakonda kuzungulira m'nyumba atavala nsapato zanga zagogoda. Lero Dona ali ndi chipsera chochokera pansi pa khutu kufika pakhosi, ndipo theka la mlomo wake wam'munsi silimva kanthu.

Nkhani yangayi ndi ya chipsera chimenecho. Ndinalumbira kuti wochibweretsa adzaona polekera, ndipo ine ndikalumbira sindibweza mawu.

2

Bambo a Dona anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pakachipatala kena ka mano. Musaganize zapatali: ntchito yawo inali kukolopa pansi, kutaya thonje lamagazi ndi kutsuka zitsulo. Koma maso anali nawo. Ankaima pakhomo atatsamira chokolopera, n'kumaonerera mmene mwini chipatala ankabayira jakisoni m'nkhama ndi mmene ankagwedezera dzino lisanatuluke. Chipatalacho chitatsekedwa, anabwera kunyumba ndi zinthu ziwiri: satifiketi yowathokoza chifukwa cha ukhondo ndi kusunga nthawi, ndi chikwama cha zitsulo zakale zimene anauzidwa kuti akataye.

Anatha miyezi isanu ndi itatu akungowerenga malata a denga. Kenaka tsiku lina wosoka nsapato uja anabwera kuntchito tsaya lili tumbi. Anali atapita kuchipatala cha boma kawiri, ndipo maulendo onse awiri mzere unkathera patsogolo pake. Bambo a Dona anamukhazika pa situlu kuseri kwa makina anga, n'kumuzula dzinolo mwamphamvu, popanda ndi jakisoni yemwe. Munthu uja anakuwa ngati mbuzi yomangidwa, koma m'mawa mwake anabwera akuseka, ali ndi anzake awiri ogwira masaya.

Amene anaona mwayi pamenepo ndi ine.

"Bambo a Dona," ndinatero, "luso limeneli musamangoligawa ngati madzi akumwa."

Ndinaitana kalipentala kuti adule shopu pakati ndi mapulanga, ndipo pakhomo pake ndinapachikapo katani. Ndinapeza mpando wakale kwa ometa tsitsi. Satifiketi ija ndinaiika m'felemu n'kuipachika pafupi ndi denga, pamene chidindo chake chofiira chinkaoneka bwino koma mawu ake sukanawerenga popanda kukwera pa chinthu. Pomaliza ndinasoka jekete. Mankhwala a dzanzi ankawapeza kwa munthu wina amene sankafunsa mafunso.

Ntchito yanga ina inali poto. M'mawa uliwonse, ndisanatsegule makina, ndinkawiritsa zitsulo zonse kwa mphindi makumi awiri pa sitovu, pafupi ndi simbi yositira. Ndikazivuula ndinkaziyala pa thireyi, n'kuziphimba ndi thaulo loyera, n'kukaziika patebulo lawo nthunzi ikutuluka. Nthawi imeneyo Dona anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo m'miyezi yozizira ankaotha manja pa thaulo limenelo asanathamangire kusukulu.

Lamulo ndinaika limodzi lokha.

"Mwana wanga pampando uwu sadzakhalapo."

Bambo ake anaseka. "Ndiye kuti simundikhulupirira, mayi a Dona?"

"Jekete ndasoka ndine. Ndikudziwa zimene zili m'kati mwake."

Analonjeza. Nanenso dzino likandiwawa ndinkakwera basi mwakachetechete kukaima pamzere kwa madokotala enieni, pomwe makasitomala anga ndinkawauza, tepi ili m'chiuno mwawo, kuti asavutike kupita kutali poti adokotala ali kuseri kwa katani. Tinakhala choncho zaka zisanu ndi zinayi. Kanjira konse kankawatcha Adokotala, mpaka iwo eni anayamba kuiwala kuti dzinali linachokera pa makina anga.

3

Chaka chimene Dona anapeza ntchito yophunzitsa ana a mkombaphala n'kupezanso mwamuna womukwatira, m'sitolo ya mafoni munabwera mtsikana watsopano. Dzina lake ndimalidziwa koma silidzatuluka pakamwa panga. Ine ndinkangomutcha Wamafoni. Anali wa msinkhu wa Dona, wa zikhadabo zazitali zopaka zofiira, ndipo atangotha mwezi umodzi dzino linayamba kumuwawa.

Linkamuwawa Lolemba, n'kumuwawanso Lachisanu. Mapulanga otilekanitsa anali opyapyala ngati chala, ndipo m'zaka zonsezo ndinali nditamva kulira kwa mtundu uliwonse kuchokera kuseriko, kwa amuna a ndevu ndi kwa agogo omwe. Wodwala woseka ndinali ndisanamumvepo. Ndikaimitsa makina, kuseriko kunkangoti zii. Ndikaponda, kikiki ankayambiranso.

Wosoka nsapato ndiye ananditsina khutu, msomali uli pakamwa.

"Mayi, dzino la mtsikana uyu lili ndi mizu ingati? Langa linatuluka tsiku limodzi."

Nditawafunsa bambo a Dona, anandiyankha akupukuta magalasi amene anayamba kuvala opanda vuto la maso.

"Ndi wodwala ngati wina aliyense. Nsanjeyi ikudwalitsani, mayi a Dona. Inu sokani diresi la mwana."

Ndinasokadi. Ukwati wa Dona unali utatsala milungu isanu ndi umodzi, ndipo diresi lake linali pa chidole choyezera, lopanda manja.

Lachitatu la sabata imeneyo kunabwera dalaivala wa lole, m'kamwa mwake mutaola. Anamuzula mano awiri, mafinya n'kutuluka odzaza kambale. Fungo linadutsa mapulanga mpaka amayi awiri amene ankandidikira anakaima panja. Dzuwa litapendeka, dalaivala atapita, Wamafoni analowa. Ndinasiya makina akulira opanda nsalu, khutu ndili nalo pathabwa.

"Mawa eyiti koloko," anatero amuna anga. "Ubwere woyamba, anthu asanachuluke. Tithane nalo dzino limeneli."

"Mundipweteka inu," anatero mtsikana uja, mawu atawafewetsa. "Nanga amayi aja?"

"Aja? Usawaope. Aja ndi ophika zitsulo basi."

Zaka makumi awiri ndi zisanu za banja, mapulanga, mpando, jekete, zonsezo n'kuthera pa mawu amenewo. Sindinalire. Mtima unangouma gwa, ndipo singano inandibaya chala osamva.

Lachinayi ndinafika pashopu molawirira. Ndinakonza thireyi, ndinaiphimba ndi thaulo loyera, n'kukaiika patebulo lawo. Kenaka ndinatenga chikwama n'kupita kutsidya lina la tauni kukafuna lesi ya manja a diresi. Sindinafulumire kubwerera.

4

Ndinabwerako dzuwa lili pamutu. Podutsa pa sitolo ya mafoni ndinasuzumira. Wamafoni anali pakauntala, akutafuna chingamu mbali zonse ziwiri, tsaya lili bwinobwino. Ndinalowa m'shopu n'kupeza bambo a Dona akuimba mluzu.

"Wodwala wanu wam'mawa sanabwere?"

"Abwana ake anamutuma kwina. Koma kunabwera wina wofunika kuposa onse." Anamwetulira ngati munthu wopambana mpikisano. "Dona."

Lesi inagwa pansi.

"Mwati ndani?"

"Dona. Dzino lakumapeto lakhala likumuwawa milungu itatu, amangokubisirani. Kuchipatala anamupatsa tsiku lakutali, ukwati utadutsa kale. Ndiye mwana wanga akalowe m'tchalitchi atagwira tsaya ine ndilipo? Lavuta pang'ono, koma latuluka."

"Munalonjeza!" Ndinawagwira jekete pakhosi. "Munalonjeza, bambo inu! Mwamukhazika woyamba? Woyamba?"

"Nanga pali vuto lanji? Anthu mazanamazana akhala pampando uwu."

Lachisanu tsaya la Dona linatupa. Bambo ake anati zimatero, azichukucha madzi a mchere. Ine ndinati tipite kuchipatala, Dona n'kukana kuti akamufunsa amene wamuzula ndipo bambo ake alowa m'mavuto. Loweruka sankatha kutsegula pakamwa koti supuni n'kulowa. Lamlungu m'mawa chotupa chinali chitatsikira pakhosi, thupi likutentha, ndipo akamapuma pankamveka kamluzu. Sindinafunsenso munthu. Ndinaimitsa takisi.

Mukudziwa zimene bambo a Dona anachita? Anavala jekete lija, kuti akatilandire msanga poona mnzawo.

Anatilandira dokotala wa mano wamkazi, wamfupi, wa imvi pang'ono. Anamuyang'ana Dona kamodzi kokha n'kuyamba kukuwira manesi. Mwana wanga atamuthamangitsira kuchipinda cha opaleshoni, mayi uja anatembenuka.

"Anamuzula ndani?"

"Ndine, adokotala anzanga," anatero amuna anga, akukonza kolala.

Mayi uja anayang'ana zilembo za pathumba, kenaka nkhope yawo.

"Munaphunzira kuti, bambo?"

Pang'onopang'ono amuna anga anavula jekete n'kulipinda pamkono.

Patatha maola anayi dokotala uja anatuluka n'kutionetsa chithunzi cha nsagwada. Muzu wa dzino unali utathyokera m'kati. Poufunafuna, bambo ake anavulaza mtsempha wa mlomo. Mafinya anadzaza pansi pa chibwano mpaka kutsala pang'ono kutseka njira ya mpweya, ndipo anachita kung'amba khosi kuti awatulutse.

"Mukanachedwa ndi tsiku limodzi, bwenzi tikunena zina," anatero. "Zitsulo zanu mumaziyeretsa bwanji?"

"Timaphika m'poto," anayankha bambo a Dona.

"Zitsulo za mano siziphikidwa m'poto ngati mazira. Zili ndi makina ake."

Ine ndinamugwira mkono. "Adokotala, chamudwalitsa n'chiyani? Muzu kapena zitsulo?"

"Zonse zikhoza kutero, mayi."

"Koma makamaka chiti?"

"Sindingathe kuzilekanitsa."

"Ukanakhala muzu wokha, akanatupa chonchi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi ake, n'kunena kuti ndikakhale pansi ndimwe madzi.

5

Dona anagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri, kapaipi kali pakhosi. Ine ndinkakhala pambali pa bedi kumupukuta malovu amene sankawamva akamatsika. Bambo ake anabwera masiku awiri oyamba, akulira ngati mwana. Tsiku lachitatu wosoka nsapato anandiimbira foni.

"Mayi, Adokotala atsegula. Benchi yadzaza. Zitsulo akuwaphikira ndi mtsikana uja, m'ketulo ya tiyi."

Pamenepo ndi pomwe ndinalumbira. Ndinayang'ana bandeji ya mwana wanga n'kunena mumtima kuti bambo amenewa ndiwakhaulitsa, jekete ndinawaveka ndine ndipo ndiwavulanso ndine, anthu akuona.

Ndili ndi buku la miyeso mmene ndimalemba chiuno, chifuwa ndi nambala ya foni ya kasitomala aliyense. Ndinatsegula buku limenelo n'kuchonga onse amene ndinawatumizapo kuseri kwa katani. Anakwana makumi anayi ndi awiri. Ndinawayendera mmodzimmodzi, nditanyamula chithunzi cha Dona ali pabedi.

Zimene ndinamva zinandidabwitsa. Mayi wina anandionetsa mpata pomwe anamuzula dzino labwino n'kusiya lowawa. Mphunzitsi wina lilime lake linachita dzanzi mbali imodzi kwa zaka zitatu, iye n'kumaganiza kuti ndi ukalamba. Panali amene sankadziwa n'komwe kuti wozula mano amayenera kukhala ndi chilolezo. Ankaona ngati ndi luso lamanja chabe, ngati kumeta. Koma ambiri ankangondiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Anatithandiza, mayi. Kuchipatala mukadzuka mbandakucha n'kubwerako osaonedwa. Mukawatsekera, tizipita kuti?"

Ngakhale wosoka nsapato anakana kukhala mboni.

"Tonse tinkadziwa kuti sanapite kusukulu," anatero. "Dzino likamakugwedeza mutu, ukafunse za mapepala? Inunso munkadziwa."

Anavomera asanu ndi mmodzi. Anandikwanira. Ndinawatengera ku ofesi ya bungwe lopereka zilolezo kwa madokotala, pamodzi ndi kalata ya dokotala wa imvi uja. Mkulu woyendera zipatala anati abwera Lolemba. Ine ndinati ayi, abwere Loweruka teni koloko, nthawi imene kanjira kathu kamadzaza mpaka njinga kusowa podutsa.

Anabweradi, ndi apolisi awiri. Ine ndinali pamakina anga, nditavala diresi langa labwino kuposa onse. Anakoka katani n'kupeza bambo a Dona atalowetsa chozulira m'kamwa mwa mnyamata wina wogulitsa matayala, Wamafoni ataima pambali ndi ketulo.

Anthu anakhamukira pakhomo. Ena ankakuwa kuti awasiye, amatithandiza. Mkulu uja anapempha situlu yanga, n'kukwerapo, n'kutsitsa satifiketi. Anapukuta fumbi ndi mkono n'kuiwerenga mokweza, kenaka n'kuimasulira kuti aliyense amve.

"Apa alemba kuti bamboyu amakolopa bwino ndipo sachedwa kuntchito."

Kanjira konse kanafa nacho chiseko. Mnyamata wa matayala anadumpha pampando, thonje lili m'kamwa, n'kuthawa. Bambo a Dona anandiyang'ana unyolo uli m'manja.

"Mayi a Dona, ndinu?"

"Ndine, wophika zitsulo uja."

Wamafoni ankafuna kuzemba, koma ndinamutchingira pakhomo.

"Tatsegula pakamwa, mwana iwe, tione dzino lija lakuvuta miyezi itatu."

Amayi a pabenchi anamuzungulira akukuwiza, mpaka anayasama. Mano onse anali oyera mbee, olimba, opanda ndi kabowo komwe. Mtsikana uja sanadwalepo dzino chibadwire. Ine ndi nzeru zanga zonse ndinali nditakhulupirira kuti pa chibwenzi chawocho panalinso dzino lenileni loti lizulidwe Lachinayi lija.

6

Mlandu unatenga miyezi inayi. Ine sanandizenge, poti ndine ndinawabweretsera nkhani ndi mboni. Dona atamuitana anangoti za tsiku limenelo sakukumbuka zambiri, ndipo sanayang'ane kwa ine kapena kwa bambo ake.

Bambo a Dona anaonda, shati n'kumawalendewera. Anavomera kuti analibe chilolezo, anavomeranso za muzu. Koma pa zitsulo anaima nganganga.

"Zitsulo zanga zinkaphikidwa m'mawa uliwonse, bwana. Zaka zisanu ndi zinayi sitinadumphe tsiku. Funsani akazi anga."

Woweruza anatembenukira kwa ine.

"Ndinkaphika monga ankandiuzira, bwana," ndinatero. "Ine ndine telala. Adokotala ndi awo."

Anawapatsa zaka zinayi. Ndisakunamizeni, owerenga: ndinakondwa. Nditatuluka m'khoti ndinagula botolo la chakumwa chozizira n'kulimwa ndili chiimire, ndipo linanditsekemera kuposa lililonse limene ndinamwapo. Wamafoni anachotsedwa ntchito n'kusowa m'tauni. Mapulanga ndinawagwetsa ndekha ndi hamala, mpando ndinaupereka kwa otola zitsulo zakutha. Shopu yanga inabwerera kukhala yaikulu.

7

Ukwati unaimitsidwa kwa chaka. Mwamuna wodzakwatira Dona uja, munthu wofatsa, anadikira osadandaula. Dona anachira, koma anasintha. Anasamukira kwa mnzake wa kuntchito, ndipo akabwera kwathu sankadya, ankati wakhuta. Ndinkaganiza kuti ndi manyazi a mlomo uja, poti akamamwa tiyi wina ankatayikira pachibwano.

Mwezi watha anabwera kushopu kudzayeza diresi. Anaonda, moti ndinayenera kulibweza m'chiuno. Anaima patsogolo pa galasi lalikulu, ine nditagwada ndi mapini pakamwa. Kenaka ndinaimirira n'kutenga lesi ija ndinagula Lachinayi lija.

"Ndaganiza zokweza kolala," ndinatero. "Ifike mpaka pansi pa khutu. Lesiyi iphimba zonse, palibe adzaone."

"Amayi," anatero, akuyang'ana pagalasi osati kwa ine, "zitsulo zinali zozizira."

"Wati chiyani?"

"Tsiku lija. Ndakula ndikuotha manja pa thaulo lija. Eyiti koloko thireyi imakhala ikutentha, bambo amachita kuuzira chitsulo asanachilowetse m'kamwa mwa munthu. Nditakhala pampando ndinaika dzanja pa thaulo, mwachizolowezi. Linali lozizira ndiponso louma. Poto anali pa shelefu, wovundikira."

Mapini anagwa kuchoka pakamwa panga.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinauze woweruza, dokotala, kapena munthu wina aliyense. Lachinayi lija sindinayatse sitovu. Ndinatenga zitsulo zimene zinagwira ntchito m'kamwa mwa dalaivala wa lole, zomwe zinagona m'beseni ndi mafinya ake, n'kuzipukuta ndi kansalu kotsala mpaka zitawala. Ndinaziyala bwinobwino pa thireyi, chozulira mano akumapeto ndinachiika pamwamba, n'kuphimba. Ndinkafuna kuti nkhope ya Wamafoni itupe ngati mpira, anunkhe m'kamwa, amuna anga amunyansidwe. Sindinaganize za imfa. Sindinaganizenso za wachiwiri ndi wachitatu pabenchi. Ndinapita kukagula lesi ndikumwetulira m'basi.

"Dona," ndinatero, "sizinali za iwe."

"Ndikudziwa. Zinali za mtsikana uja. Kanjira konse kankadziwa za iye ndi bambo, nanenso ndinkadziwa."

"Dokotala anati mwina ndi muzu..."

"Munamufunsa katatu. Manesi anandiuza, akukuyamikirani kuti ndinu mayi wachikondi."

Ndinagwada pansi n'kumugwira miyendo pamwamba pa diresi. Ndinalira kulira kumene ndinakusunga chaka chonse. Iye anangoima, osandikankha, osandigwira.

"Bwanji sunanene kukhoti?" ndinafunsa.

"Kholo limodzi kundende n'lokwanira." Anapukuta chibwano ndi kuseri kwa dzanja. "Bambo amandilembera kalata mwezi uliwonse kupepesa. Amakhulupirira kuti zonse ndi iwo. Ndimawayankha, ndipo ndakhala ndikukawaona. Anandipweteka, inde, koma ankafuna kuti dzino lisiye kundiwawa. Inu munadzuka m'mawa kufuna kupweteka mwana wa munthu wina. Kenaka munayenda nyumba makumi anayi ndi chithunzi changa, ngati kuti mukulirira ine."

Ndinatambasula dzanja kuti ndimupukute kadontho kamene kanatsala pansi pa mlomo. Anatembenuza mutu.

"Kolala musakweze," anatero. "Mutsitse, khosi lonse likhale pamtunda. Ndipo m'tchalitchi mudzakhale kutsogolo, mbali ya kumanzere. Ndi mbali imene kuli chipsera."

Anavula diresi, n'kulipachika pa chidole mosamala, n'kutuluka osatsazika.

8

Owerenga anzanga, ena mwa inu muli ndi Adokotala anu kuseri kwa msika kapena m'chipinda cha pamwamba pa sitolo, ndipo mukuti amakuthandizani. Sindikutsutsani kuti mzere wa kuchipatala ndi wautali, ndinaimapo. Koma musanayasame, pemphani kuti atsitse pepala lili pakhomalo muliwerenge nokha. Funsani amene amayeretsa zitsulo, ndi chimene amayeretsera. M'chipatala chenicheni muli makina, muli malamulo, muli wina woyang'anira mnzake. Kwathu moyo wa munthu aliyense wokhala pampando uja unkadalira mmene ine telala ndadzukira tsiku limenelo, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa.

Sabata yatha mnyamata wina anabwera kuti ndimusokere jekete loyera, ndi zilembo pathumba. Ndinamufunsa mapepala. Anaseka, n'kupita kwa telala wa pakona, ndipo dzulo ndamuona atalivala.

Bambo a Dona sindiwamvera chisoni, ndipo za thireyi sindinawauze. Anaswa lonjezo lawo, akhale momwemo mpaka zaka zawo zikwane. Ndinkati ndikawagwetsa mtima wanga ugwa m'malo, ndipo kwa chaka chathunthu ndinkadziuza kuti wolakwa ndamupeza ndipo ndamulanga. Mwana wanga ankadziwa nthawi yonseyo, akundiyang'ana ndikumupukuta malovu.

Ukwati ndi Loweruka likudzali. Diresi ndalimaliza m'mawa uno. Khosi ndalidula motsika monga ananenera mwini wake, ndipo lesi ija ndaibwezera m'pepala lake.